Chaka chimene Michigan inatenganso chikho cha Big Ten: mafunso ndi mayankho

Pa 4 Disembala 2021, timu ya yunivesite ya Michigan ku America inakwapula timu ya yunivesite ya Iowa ndi mapointi 42 kwa 3 mumzinda wa Indianapolis, n'kukhala akatswiri a ligi ya Big Ten. Panali patatha zaka 17 timuyi isanalawe ukatswiri umenewu. Koma mukafunsa ochemerera a Michigan za chaka chimenecho, ambiri sayambira pa tsiku la chikho. Amayambira pa Loweruka la sabata yam'mbuyo mwake, pamene khamu la anthu linakhamukira m'bwalo kuli chipale chofewa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wokulira pa mpira wamiyendo amakhala nawo akamva nkhaniyi.

Kodi mpira wake ndi womwewu timaudziwa?

Ayi. Mpira wa ku America ndi wachibale wa rugby. Mpirawo ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri umakhala m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Bwalolo ndi lotalika mayadi 100, ndipo kumapeto kulikonse kuli malo ena a mayadi 10 amene timu imalimbana kuti ifikitseko mpira. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mwayi wina kanayi. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Kusunthako kumachitika m'njira ziwiri: wosewera kuthamanga nawo mpira ataukumbatira, kapena quarterback, yemwe ndi mtsogoleri wa timu ikamaukira, kuuponyera mnzake kutsogolo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, ndipo ndi mapointi 6. Pambuyo pake timu imamenya mpira pakati pa mizati kuti iwonjezere pointi imodzi, kapena imayesa kulowanso kuti ipeze awiri. Kumenya mpira pakati pa mizati popanda touchdown ndi mapointi 3. Choncho mukamva kuti 42, dziwani kuti kawirikawiri ndi ma touchdown 6 ndi zowonjezera zake, osati zigoli 42. Masewera amakhala ndi zigawo zinayi za mphindi 15, koma chifukwa wotchi imaimaima, munthu amakhala pa bwalo maola oposa atatu.

Ngati osewerawo ndi ana asukulu, anthu amazitengeranji pamtima chonchi?

Chifukwa mpirawu unabadwira kusukulu. Masewera oyamba a mayunivesite anachitika mu 1869 pakati pa Rutgers ndi Princeton, ndipo malamulo ambiri amene amausiyanitsa ndi rugby anawakonza ndi Walter Camp wa ku Yale. Ligi ya akatswiri olipidwa, NFL, inadzabwera mu 1920, matimu a mayunivesite atazika kale mizu. M'madera ambiri a America mulibe timu ya NFL, ndipo timu ya yunivesite ndi imene imanyamula dzina la dera lonse. Agogo anaphunzira pamenepo, bambo anaphunzira pamenepo, mdzukulu akulota kudzaphunzira pamenepo. Ena sanapondeko n'komwe m'kalasi ya yunivesiteyo koma amavala makaka ake moyo wawo wonse.

Bwalo la Michigan, lomwe lili mumzinda wa Ann Arbor, lili ndi malo a anthu 107,601, ndipo ndi lalikulu kuposa bwalo lililonse ku America, kuphatikizapo a NFL. Mzinda wa Ann Arbor wokha uli ndi anthu pafupifupi 120,000. Kuyambira chakumapeto kwa 1975, kupatula nyengo ya Covid-19 pamene anthu ankaletsedwa kusonkhana, masewera aliwonse apakhomo a Michigan akhala akukopa anthu oposa 100,000. Amenewo ndiwo "ana asukulu" tikunenawa.

Nanga Big Ten n'chiyani?

Ndi mgwirizano wa mayunivesite amene amapikisana okhaokha pamasewera osiyanasiyana. Eni ake amautcha conference. Unayamba mu 1896 ndipo Michigan inali m'gulu la oyambitsa, ngakhale inatulukamo mu 1907 n'kubwereranso mu 1917. Dzinalo lisakunamizeni. Mu 2021 munali mayunivesite 14, chifukwa Penn State, Nebraska, Maryland ndi Rutgers anali atalowamo pazaka zosiyanasiyana, ndipo kuyambira 2024 alimo 18. Dzina lokha ndi limene silinasinthe.

Chimene chimadabwitsa anthu ozolowera maligi a mpira wamiyendo n'chakuti kuno kulibe kutuluka m'ligi chifukwa chothera pansi. Timu ikhoza kugonja masewera onse zaka zitatu zotsatizana n'kukhalabe momwemo, kulandira gawo lake la ndalama za wailesi yakanema mofanana ndi akatswiri. Yunivesite imalowa m'ligi poitanidwa ndi anzake, ndipo chimene amayang'ana kwambiri ndi kuchuluka kwa anthu amene idzabweretse pa kanema. Maligi ena akuluakulu a mtundu womwewu ndi SEC, ACC ndi Big 12.

Ukatswiri wa ligi umapezeka bwanji?

Sizoni yake ndi yaifupi kwambiri. Timu imasewera masewera 12 okha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kapena kuchiyambi kwa Seputembala mpaka kumapeto kwa Novembala, pafupifupi onse Loweruka. Mu Big Ten, masewera 9 ndi olimbana ndi matimu a m'ligi momwemo, ndipo atatu otsalawo ndi a matimu akunja amene sawerengedwa pa ukatswiri wa ligi. Palibe zoti tikumana kwanu kenaka kwathu m'chaka chimodzi. Mukagonja, kubwezera kwake ndi chaka chamawa.

Kuyambira 2014 mpaka 2023, ligiyi inagawidwa pawiri, chigawo cha kum'mawa ndi cha kumadzulo, matimu 7 mbali iliyonse. Otsogola mbali ziwirizi ankakumana m'ndime yotsiriza pa bwalo la Lucas Oil ku Indianapolis. Matimu awiri akafanana pa chiwerengero cha masewera opambana, amene anagonjetsa mnzake atakumana ndiye ankapita. Vuto la Michigan linali lakuti chigawo cha kum'mawa n'chimene munadzaza zimphona: Ohio State, Penn State, Michigan State ndi Michigan yomweyo. Ndime yotsirizayi inayamba mu 2011, ndipo kwa zaka khumi Michigan sinafikeko ngakhale kamodzi.

Kodi anthu ankayembekezera kuti Michigan ichita bwino mu 2021?

Ochepa kwambiri. Chaka cha 2020 chinali chamanyazi: timuyi inapambana masewera awiri, kugonja anayi, ndipo atatu omaliza analephereka chifukwa cha Covid-19. Pa mndandanda wa matimu 25 apamwamba umene atolankhani a Associated Press amatulutsa sizoni isanayambe, Michigan sinaonekepo.

Mphunzitsi wake, Jim Harbaugh, anali pampanipani. Iyeyu anasewerapo ngati quarterback wa Michigan m'zaka za m'ma 1980 pansi pa mphunzitsi wotchuka Bo Schembechler. Atasiya kusewera anadzutsa timu ya yunivesite ya Stanford, kenaka n'kufikitsa San Francisco 49ers ku Super Bowl, ndime yotsiriza ya NFL, mu 2013, kumene anagonja kwa timu ya mkulu wake John. Pamene ankabwerera kwawo kumapeto kwa 2014, anthu anamulandira ngati mpulumutsi. Koma pofika 2021 anali atakumana ndi Ohio State kasanu n'kugonja kasanu konse. Mu 2018 anathidzimulidwa 62 kwa 39, ndipo mu 2019 56 kwa 27. Ochemerera ambiri ankafuna achoke. Yunivesite inamusunga, koma mu Januwale 2021 inamusainitsa mgwirizano watsopano umene unadula malipiro ake pafupifupi ndi theka, kuchoka pa madola pafupifupi 8 miliyoni pachaka kufika pafupifupi 4 miliyoni. Zina zonse anayenera kuzipeza ngati mabonasi akapambana.

Ndiye chinasintha n'chiyani m'chaka chimodzi chokha?

Choyamba, Harbaugh anasintha omuthandizira. Anachotsa Don Brown, amene ankayang'anira otchinga, n'kutenga Mike Macdonald, mnyamata wa zaka 33 wochokera ku Baltimore Ravens, timu ya mkulu wake ija. Brown anali ndi kachitidwe kamodzi: kutumiza anthu ambiri kukaukira quarterback, otsalawo aliyense n'kugwira munthu wake. Matimu ofooka ankasowa nako mtendere, koma Ohio State, yokhala ndi anyamata aliwiro, inkangodutsamo. Macdonald anabweretsa kachitidwe kobisa, koti quarterback wa adani asadziwe msanga amene akubwera ndi amene akutsalira.

Chachiwiri, timu inabwerera ku mpira wamphamvu, wothamanga nawo m'manja. Apa ndi pamene pagona nkhani ya chaka chonse, ngakhale kuti anthu ake satchulidwa kawirikawiri. Kutsogolo kwa quarterback kumaima anthu asanu ojintcha, ambiri olemera makilogalamu 135 kapena kuposa, amene ntchito yawo ndi kukankha adani kuti wothamanga apeze podutsa. Sathamanga ndi mpira, sapeza mapointi, ndipo kamera imawaonetsa pokhapokha akalakwitsa. Asanu a Michigan chaka chimenecho, ophunzitsidwa ndi Sherrone Moore, analandira mphotho ya Joe Moore, imene imaperekedwa kwa gulu labwino koposa la osewera a malo amenewa m'dziko lonse. Kumbuyo kwawo kunali othamanga awiri osiyana: Hassan Haskins, wamphamvu wosagwa msanga, ndi Blake Corum, wamfupi waliwiro. Quarterback, Cade McNamara, sanali wodabwitsa, koma sankataya mpira mwachisawawa, ndipo timu yotere imafuna zomwezo. Pamasewera achiwiri a sizoni, pogonjetsa Washington 31 kwa 10, Michigan inathamanga mayadi oposa 300 ndipo inaponya mpira mwa apo ndi apo. Ena anadandaula kuti ndi mpira wachikale wosasangalatsa. Pofika Novembala madandaulowo anazilala.

Chachitatu chinali anyamata awiri osaka quarterback. Aidan Hutchinson, amene bambo ake anaseweranso ku Michigan, anathyoka mwendo mu 2020 ndipo akanatha kupita ku NFL, koma anabwerera. Anagwetsa quarterback asanaponye mpira, chimene amachitcha sack, maulendo 14, kuposa wina aliyense m'mbiri ya Michigan pa sizoni imodzi. Mbali inayo kunali David Ojabo, wobadwira ku Nigeria n'kukulira ku Aberdeen, ku Scotland, amene anayamba mpirawu mochedwa ali kusekondale ku New Jersey. Iye anagwetsa maulendo 11. Adani akaika anthu awiri pa Hutchinson, Ojabo ankapeza mpata.

Kodi inapambana masewera ake onse?

Ayi, ndipo panatsala pang'ono kuti kugonja kumodzi kuiwonongere chaka. Inayamba ndi kupambana masewera 7 otsatizana, kuphatikizapo kugonjetsa Wisconsin 38 kwa 17 kwawo ku Madison, kumene inali isanapambaneko kuyambira 2001, ndi kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi ku Nebraska, 32 kwa 29, mothandizidwa ndi mwendo wa Jake Moody. Pa 30 Okutobala inapita ku East Lansing kukakumana ndi Michigan State, nayonso isanagonjepo. Michigan inatsogola 30 kwa 14 m'chigawo chachitatu. Kenaka Kenneth Walker III anayamba kudutsa ngati palibe munthu, nakwanitsa ma touchdown asanu pamasewera onsewo, ndipo Michigan inagonja 37 kwa 33. Ochemerera a Michigan amakumbukirabe touchdown ya Hutchinson imene oyimbira anaikana atayang'ananso pa kanema.

Apa tsogolo la Michigan linali m'manja mwa ena, chifukwa ikanafanana ndi Michigan State, anzawowo ndi amene akanapita ku Indianapolis. Koma Michigan State inakagonja kwa Purdue sabata yotsatira, kenaka Ohio State inaiphwanya 56 kwa 7. Michigan nayo inapulumuka ku Penn State, 21 kwa 17, ndi touchdown ya Erick All chakumapeto. Zonse zinatsalira pa masewera amodzi.

N'chifukwa chiyani masewera a Ohio State amaposa ena onse?

Matimu awiriwa anakumana koyamba mu 1897, ndipo kwa zaka zambiri masewera awo ndi amene amatseka sizoni. Madera awo ndi oyandikana, ndipo m'ma 1830 anakanganirana kachigawo ka malo kumene kuli mzinda wa Toledo mpaka kutulutsa asilikali. Chidani cha m'bwalo chinakula pakati pa 1969 ndi 1978, pamene Schembechler wa Michigan ankalimbana ndi Woody Hayes wa Ohio State, amene anali mphunzitsi wake. Kumeneko mphunzitsi akhoza kupambana masewera 11, koma akagonja awa, anthu amati chaka chapita pachabe.

Pofika 27 Novembala 2021, Michigan inali itagonja maulendo 8 otsatizana. Inapambana komaliza mu 2011. Ohio State inali itatenga chikho cha Big Ten zaka zinayi zotsatizana, ndipo mphunzitsi wake Ryan Day anali asanagonjepo kwa timu iliyonse ya m'ligiyi. Inabwera ndi quarterback C.J. Stroud ndi olandira mpira atatu, Garrett Wilson, Chris Olave ndi Jaxon Smith-Njigba, amene onse anadzasankhidwa m'ndime yoyamba ya chisankho chimene matimu a NFL amatengera osewera atsopano. Sabata yapitayo anali atatsogola 49 kwa 0 pofika nthawi yopuma polimbana ndi Michigan State yomwe ija inagonjetsa Michigan.

Ku Ann Arbor tsiku limenelo kunkagwa chipale chofewa. Popita kokapuma Michigan inkatsogola 14 kwa 13, ndipo aliyense amene anaonera zaka zam'mbuyo ankadikira nthawi imene zinthu zitembenuke. Sizinatembenuke. M'zigawo ziwiri zomaliza Michigan inapeza touchdown maulendo anayi otsatizana, onse pothamanga. Ohio State inkadziwa chimene chikubwera, bwalo lonse linkadziwa, koma panalibe wochiimitsa. Haskins anathamanga mayadi 169 ndi kupeza ma touchdown asanu. Timu yonse inathamanga mayadi 297. Stroud anaponya mayadi 394, chiwerengero chimene masiku ena chimakwana kupambanira masewera, koma Hutchinson anamugwetsa katatu ndipo Ojabo kamodzi, pamene McNamara sanagwetsedwe ngakhale kamodzi. Masewera anatha 42 kwa 27, ndipo ochemerera anadumpha mipanda n'kudzaza bwalo lonse.

Matimu awiriwa anathera pa masewera 8 opambana ndi amodzi ogonja m'ligi. Lamulo la amene anagonjetsa mnzake linatumiza Michigan ku Indianapolis. Ine ndimaona kuti chikho chinapambanidwa tsiku limeneli, ndipo amene anachipambana ndi anthu asanu aja okankha.

Nanga ndime yotsirizayo inayenda bwanji?

Iowa ya mphunzitsi Kirk Ferentz, amene wakhala pampandowo kuyambira 1999, inali timu yotchinga bwino koma yovutika kupeza mapointi. Inafika ku Indianapolis chifukwa Wisconsin inagonja kwa Minnesota pa sabata yomaliza. Mantha a ochemerera a Michigan anali akuti anyamata awo afika atatopa ndi chisangalalo. M'chigawo choyamba Corum anathamanga mayadi 67 mpaka kukalowa. Posakhalitsa Donovan Edwards, amene ntchito yake ndi kuthamanga, anapatsidwa mpira ngati athamanga nawo, koma anaima n'kuuponyera Roman Wilson, touchdown ya mayadi 75. Iowa inangopeza mapointi atatu usiku wonse. Hutchinson anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa, woyamba mwa otchinga kulandira ulemu umenewu pa ndime yotsiriza ya Big Ten.

Masewerawa anachitika patangopita masiku anayi mwana wasukulu atawombera anzake pasekondale ya Oxford, m'dera la Michigan, n'kupha anayi. Mmodzi mwa ophedwawo ankasewera mpira womwewu ndipo ankavala nambala 42. Osewera a Michigan anavala chizindikiro chowakumbukira chokhala ndi nambalayo, ndipo banja lake linaitanidwa pakati pa bwalo masewera asanayambe. Mapointi a Michigan anathera pa 42.

Ndiye kuti Michigan inakhala katswiri wa America yense?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ukatswiri wa ligi ndi wina, wa dziko ndi wina. Matimu a m'gulu lapamwamba la mpira wa mayunivesite anali 130 chaka chimenecho, m'maligi khumi, ndipo sangakumane onse. Kuyambira 2014 mpaka 2023, komiti ya anthu 13 inkakhala pansi n'kusankha matimu anayi oti apikisane pa chikho cha dziko. Mu 2021 inasankha Alabama, Michigan, Georgia ndi Cincinnati, motsatana momwemo. Aka kanali koyamba Michigan kulowa m'mpikisano umenewu.

Pa 31 Disembala, ku Orange Bowl, pafupi ndi Miami, Georgia inaigonjetsa 34 kwa 11. Pofika nthawi yopuma zinali kale 27 kwa 3. Mphamvu zija zimene zinathyola Ohio State zinakumana ndi zinzake zoposa. Otchinga asanu a Georgia anadzasankhidwa m'ndime yoyamba ya NFL mu 2022, ndipo woyamba kusankhidwa m'dziko lonse anali mmodzi wa iwo, Travon Walker. Wachiwiri anali Hutchinson, amene anatengedwa ndi Detroit Lions. Michigan inatseka chaka ndi masewera 12 opambana ndi awiri ogonja. Chodabwitsa n'chakuti Georgia yomweyo sinali katswiri wa ligi yake. Inagonja kwa Alabama 41 kwa 24 pa ndime yotsiriza ya SEC, tsiku lomwe Michigan inkagonjetsa Iowa, kenaka inadzabwezera 33 kwa 18 pa 10 Januwale 2022 n'kutenga chikho cha dziko.

Ngati timu ingatenge chikho cha dziko popanda cha ligi, cha ligicho chili ndi phindu lanji?

Funsoli likukula chaka ndi chaka. Kale, katswiri wa Big Ten ankapita ku Rose Bowl, ku Pasadena, pa tsiku loyamba la chaka, ndipo kwa osewera ambiri maloto ankathera pamenepo. Mpikisano wa matimu anayi utabwera, chikho cha ligi chinasanduka ngati kalata yofunsira malo, imene komiti ikhoza kuilandira kapena kuikana. Mu 2016 Penn State inatenga Big Ten koma inasiyidwa, ndipo komiti inatenga Ohio State imene Penn State inaigonjetsa. Mu 2023 Florida State inapambana masewera onse ndi chikho cha ACC, koma inasiyidwanso.

Kuyambira 2024 mpikisano wa dziko unakula kufika matimu 12, ndipo akatswiri a maligi asanu oikidwa pamwamba anapatsidwa malo osachita kupempha. Big Ten nayo inathetsa zigawo zija: tsopano matimu awiri otsogola pa onse 18 ndi amene amakumana. Chaka choyamba cha dongosolo latsopanoli chinaonetsa mbali yake ina. Ohio State inagonja kwa Michigan 13 kwa 10, sinafike n'komwe pa ndime yotsiriza ya ligi, koma inalowa m'gulu la 12, n'kugonjetsa Oregon, katswiri wa Big Ten, 41 kwa 21, mpaka kutenga chikho cha dziko. Mu 2021 wogonja pa 27 Novembala analibe khomo lina lolowera, ndipo n'chifukwa chake tsikulo linali lolemera chotero. Kwa Michigan, phindu la chikho cha 2021 linaoneka pambuyo pake. Inatenganso Big Ten mu 2022 ndi 2023, ikugonjetsa Ohio State zaka zonsezo, ndipo mu sizoni ya 2023 inapambana masewera onse 15 n'kukhala katswiri wa dziko pogonjetsa Washington 34 kwa 13.

Kodi osewerawa amalipidwa?

Kwa zaka zoposa 100 yankho linali lakuti ayi. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera a mayunivesite, linkati iwo ndi ophunzira. Malipiro awo anali maphunziro aulere, malo ogona ndi chakudya, ndipo timu iliyonse yaikulu inkaloledwa kupereka mwayi wotere kwa osewera 85. Wosewera akalandira ndalama posaina jezi, ankalangidwa. Pa nthawi yomweyo aphunzitsi ankalandira mamiliyoni, ndipo mu 2022 Big Ten inasaina mgwirizano ndi makampani a kanema a Fox, CBS ndi NBC wa madola pafupifupi 7 biliyoni pazaka 7.

Sizoni ya 2021 inali yoyamba zinthu zitayamba kusintha. Mu Juni chaka chimenecho khoti lalikulu la America linagamula motsutsana ndi NCAA pa mlandu wa Alston, ndipo kuyambira 1 Julayi osewera analoledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi mayina awo ndi zithunzi zawo. Mu 2025 khoti lina linavomereza mgwirizano wolola mayunivesite kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa yunivesite iliyonse m'chaka choyamba. Chifukwa chimene osewera ankalimbikira nkhaniyi chimaoneka pa Ojabo. Mu Malichi 2022, akuonetsa luso lake kwa akuluakulu a matimu a NFL, anaduka mtsempha wa kuchidendene. Munthu amene ankayembekezeka kusankhidwa m'ndime yoyamba anatsikira m'ndime yachiwiri, kumene anatengedwa ndi Baltimore Ravens, ndipo kusiyana kwake ndi madola mamiliyoni angapo. Harbaugh, kumbali yake, analengeza kuti mabonasi ake a 2021 awapereka kwa ogwira ntchito m'dipatimenti ya zamasewera amene malipiro awo anadulidwa nthawi ya Covid-19.

Tinamva kuti Michigan inkabera. Kodi chikho cha 2021 n'choyera?

Nkhaniyi inaphulika mu Okutobala 2023. Pa nthawiyo aphunzitsi ankauza osewera zochita pogwiritsa ntchito zizindikiro za manja ndi zikwangwani ali m'mbali mwa bwalo. Kuyesa kumasulira zizindikiro za adani masewera ali mkati, kapena poonera pa kanema, sikoletsedwa, ndipo matimu onse amachita. Choletsedwa, kuyambira 1994, ndi kutumiza munthu kukaonera masewera a timu imene mudzakumane nayo m'tsogolo, komanso kujambula zizindikiro zawo. Kunapezeka kuti Connor Stalions, amene ankathandiza timuyi mongodzipereka mu 2021 n'kulembedwa ntchito mu 2022, ankagula matikiti ndi kutumiza anthu kukajambula. Big Ten inaimitsa Harbaugh masewera atatu omaliza a 2023 ndime yotsiriza ya ligi isanafike. Mu Ogasiti 2025 NCAA inagamula kuti mchitidwewu unachitika m'masizoni a 2021, 2022 ndi 2023. Inalipiritsa yunivesite chindapusa cha madola mamiliyoni ambiri, ndipo inapereka chilango cha zaka khumi kwa Harbaugh, amene anali atapita kale ku Los Angeles Chargers ya NFL. Koma sinafafanize masewera alionse, ndipo zikho zonse zitatu za Big Ten zidakali m'dzina la Michigan.

Ochemerera a Ohio State amati zonse zinali zakuba. A Michigan amayankha kuti Stalions atachoka, timu yawo inagonjetsa Penn State, Ohio State, Alabama ndi Washington, ena mwa masewerawo Harbaugh kulibe. Mbali zonse ziwiri zikukokomeza. Lamulo linathyoledwa, ndipo munthu sawononga ndalama zake kugula matikiti a masewera ambirimbiri ngati sakupindulapo kanthu. Wotchinga amene akudziwa kuti mpira uponyedwa amanyamuka mosiyana ndi amene akungoganizira, choncho sitinganene kuti otchinga a 2021 sanathandizidwepo. Koma pa 27 Novembala, mbali yaikulu ya ntchito inagwiridwa Michigan ili ndi mpira m'manja, ikuthamangira pamalo amene aliyense ankawadziwa, ndipo mayadi 297 amenewo ndi ovuta kuwafotokoza ndi zizindikiro zobedwa. Kuyambira 2024 NCAA inalola kuti mphunzitsi azilankhula ndi wosewera mmodzi m'bwalo kudzera pa kawailesi ka m'chipewa, monga achitira ku NFL, ndipo zikwangwani za m'mbali mwa bwalo zachepa ntchito.